Chifundo chisaphenso nkhwali

Nsapato imodzi inali pakati pa msewu. Mwini wake anali gone m'mphepete mwa phula, mwendo wamanzere utapindikira kumene mwendo supindikira, njinga yamoto ikulirabe chogona pambali pake. Galimoto imene inamugunda inali itathawa kale. Tinamuzungulira anthu ngati 30, ena manja ali m'chiuno, ena agwira pakamwa, anyamata awiri atakweza mafoni m'mwamba. Mayi wina anadzipanikiza pakati pathu, nagwada, n'kuyamba kumasula mpango wake kuti amange pamene pankatuluka magazi. Kumbuyo kwanga kunamveka mawu a bambo wina, osati mwankhanza ayi, koma ngati munthu wochenjeza mlongo wake: "Mayi, musamugwire ameneyo. Akafera m'manja mwanu mlandu ndi wanu."

Manja a mayi uja anaima m'malere. Anayang'ana wovulalayo, anatiyang'ana ife, kenako anapitiriza kumanga. Ine sindinasunthe. Mawu a bambo aja anandigwira miyendo, ndipo ndikudziwa kuti anagwiranso ambiri mwa ife. Galimoto zitatu zinaima, madalaivala n'kusuzumira, n'kupitirira. Wachinayi asanatsegule chitseko anafunsa funso limodzi lokha: "Ndikakamusiya kuchipatala, andilola kubwerera?" Palibe amene anamuyankha ndi mtima wonse. Anamunyamulabe, koma mphindi zimene tinatha tikukambirana za mlandu munthu akutha magazi sizikanabwereranso.

Chichokereni tsiku limenelo ndimatsutsa ndikamva wina akunena kuti anthu a masiku ano alibe chifundo. Pamsewu paja chifundo chinalipo chochuluka, chimaoneka m'maso. Chimene chinatiimitsa ndi mantha, ndipo si mantha opanda pake. Akuluakulu anati chifundo chinapha nkhwali: inanyamula njoka pakhosi kuiulutsa pamoto wolusa, koma zitatera njokayo inakana kutsika. Munthu woopa kugwira wovulala amakhala kuti anamvapo za nkhwali ina, uyu anagona m'chitokosi chifukwa zovala zake zinali ndi magazi, uyo anauzidwa kuti alipire kaye asanachoke pachipatala, winayo anatha miyezi akuyendera kukhoti ngati mboni ya ngozi imene sanaone n'komwe mmene inayambira. Maganizo anga ndi akuti lamulo liyambe ndi kuchotsa njokayo pakhosi pa nkhwali. Likatero, ndipo pokhapokha likatero, lili ndi nkhope youza munthu wodutsa kuti kungoyang'ana n'kupitirira ndi mlandu.

Mayiko anagawikana pawiri pankhaniyi. Ku France, gawo 223-6 la malamulo a milandu ya upandu limati munthu amene waona mnzake ali pangozi, ndipo akanatha kumuthandiza yekha kapena kuitana ena popanda kuika moyo pachiswe, koma n'kusankha dala kusachita kanthu, atha kukakhala kundende mpaka zaka 5 ndi kulipira chindapusa cha mayuro 75,000. Ndi limodzi mwa malamulo amene anachititsa kuti ojambula zithunzi amene anafika pamalo a ngozi ya galimoto imene inapha Diana, yemwe kale anali mkazi wa Prince Charles wa ku Britain, mumzinda wa Paris mu 1997 afufuzidwe, ngakhale pamapeto pake sanazengedwe mlandu umenewu. Ku Germany gawo 323c limapereka chilango cha ndende mpaka chaka chimodzi kapena chindapusa. Ku Quebec, m'dziko la Canada, anafika polemba m'chikalata chawo cha ufulu wa anthu cha 1975 kuti munthu aliyense amene moyo wake uli pangozi ali ndi ufulu wothandizidwa.

Mbali inayo kuli England ndi mayiko ambiri amene anatengera malamulo ake, kuphatikizapo zigawo zambiri za America. Kumeneko mfundo yakale ndi yakuti lamulo limakulanga pa zimene wachita, osati pa zimene walephera kuchitira munthu wosamudziwa. Udindo wopulumutsa umakhalapo pokhapokha pali chokumangani: kholo ndi mwana wake, mphunzitsi ndi ana a m'kalasi mwake, wolembedwa ntchito yoyang'anira osambira, kapena iweyo amene wayambitsa ngoziyo. Kupatula apo, katswiri wosambira atha kukhala pamwala n'kumaonerera mwana wa mwini akumira m'madzi olekeza m'mawondo, khoti osamupeza ndi mlandu. Izi si zongopeka za m'kalasi la zamalamulo. Mu July 2017, achinyamata asanu a ku Cocoa m'chigawo cha Florida anajambula pafoni bambo wina akumira m'dziwe, uku akumuseka ndi kumunyoza, osaimbira aliyense. Thupi lake linapezeka patapita masiku angapo. Oimira boma pamilandu anasakasaka ndime yoti awazengere mlandu, ndipo sanaipeze.

Yerekezani ndi zimene zinachitika mumzinda wa Essen ku Germany mu October 2016. Bambo wina wokalamba, wa zaka zoposa 80, anagwa m'chipinda cholowera m'banki momwe mumakhala makina otapira ndalama. Kamera inaonetsa anthu anayi akumulambalala, ena kuchita kumudumpha, kukatapa ndalama zawo n'kutuluka. Wachisanu ndiye anaitana chithandizo. Bamboyo anamwalira patapita mlungu umodzi, ndipo chaka chotsatira khoti linalamula atatu mwa anthuwo kulipira chindapusa cha pakati pa mayuro 2,400 ndi 3,600. Ena mwa iwo anadziteteza ponena kuti ankaganiza kuti ndi munthu wosowa pokhala amene wangogona. Kudziteteza kumeneku kumandipweteka kuposa mlandu weniweniwo, chifukwa kumaulula kuti m'mitima mwathu tinasankha kale anthu oyenera kuwerama pa iwo ndi oyenera kuwadumpha.

Ukaika nkhani ziwirizi pamodzi, mtima umathamangira kunena kuti dziko lililonse lingotengera France ndi Germany, liike chilango basi. Inenso poyamba ndinkaganiza choncho. Koma tangoganizani lamulo la chilangolo litafika pamsewu uja zinthu zina zonse zili momwemo. Dalaivala wachinayi uja akapitirira mlandu, akanyamula mlandu. Munthu woikidwa pamalo otere saphunzira kuthandiza. Amaphunzira kuyang'ana kumbali asanafike pangozipo, kuti mawa adzalumbire kuti sanaone kanthu.

China inadutsa m'zimenezi mowawa. Mu 2006, mumzinda wa Nanjing, mayi wina wachikulire anagwa pamalo okwerera basi. Mnyamata wina anamudzutsa n'kupita naye kuchipatala, kenako mayiyo anamusumira kuti ndiye anamugwetsa. Khoti linalamula mnyamatayo kulipira mbali ya ndalama za kuchipatala, ndipo mwa zifukwa zake linati mwachizolowezi munthu wosalakwa sakanavutika kuperekeza mlendo mpaka kuchipatala. Patapita zaka akuluakulu a mzindawo ananena kuti mnyamatayo anavomera kuti anawombanadi ndi mayiyo. Koma zimenezo zinabwera mochedwa, ndipo sizinafafanize chimene anthu anamva m'chigamulo chija: kuti pamaso pa woweruza, chifundo chako ndi umboni wokutsutsa. Mu October 2011, mumzinda wa Foshan, kamtsikana ka zaka ziwiri kanapondedwa ndi galimoto ziwiri m'kanjira ka mumsika. Kamera inawerenga anthu 18 amene anadutsa pafupi nako kali m'magazi. Amene anaima ndi mayi wotola zinyalala, ndipo mwanayo anamwalira patatha mlungu. Mkangano umene unabuka m'dzikomo unkangobwerera ku Nanjing. Boma silinayankhe ndi ndende kwa odutsa. Mzinda wa Shenzhen unayamba mu 2013 ndi lamulo loteteza wothandiza, ndipo kuyambira pa 1 October 2017 gawo 184 la malamulo a dziko lonselo limati munthu amene wathandiza mwa kufuna kwake pangozi sangalipitsidwe ngakhale wothandizidwayo atavulala m'kuthandizidwako.

Koma dziko limene linafika pamtima penipeni pa funso la dalaivala uja ndi India. Kumeneko mantha sanali a kusumiridwa ndi wovulala kwenikweni, anali a polisi ndi chipatala. Bungwe lounika malamulo m'dzikomo linanena mu 2006 kuti theka la anthu ofera pangozi za pamsewu akanapulumuka akanalandira chithandizo msanga. Bungwe la SaveLIFE Foundation litafunsa anthu mu 2013 linapeza kuti pafupifupi atatu mwa anayi alionse sakanathandiza wovulala pamsewu, ndipo ambiri mwa iwo anatchula kuopa mafunso a apolisi ndi maulendo a kukhoti. Bungweli linali litapita kale kukhoti lalikulu, ndipo mu March 2016 khotilo linapereka mphamvu ya lamulo ku ndondomeko zoteteza wothandiza, zimene nyumba ya malamulo inazilimbitsa mu 2019 ndi gawo 134A la malamulo a galimoto. Taonani zimene zili m'menemo, poti n'zazing'ono koma ndi zenizeni zimene munthu amaopa. Ukafikitsa wovulala kuchipatala uli ndi ufulu wochoka nthawi yomweyo. Sukakamizidwa kutchula dzina lako kapena kumene umakhala. Suuzidwa kulipira. Sukakamizidwa kukhala mboni, ndipo ukavomera wekha, apolisi amakufunsa kamodzi kokha. Kalekale mu 1989 khoti lomwelo linali litagamula kale kuti dokotala ayambe wapulumutsa moyo, za mapepala a apolisi zibwere pambuyo. Nigeria nayo mu 2017 inakhazikitsa lamulo loti munthu woomberedwa ndi mfuti alandire chithandizo popanda kudikira kalata ya apolisi, ndi kuti amene wamubweretsa asazunzidwe ndi mafunso osafunikira.

Malamulo oteteza wothandizawa amatchedwa ndi dzina la Msamariya wachifundo wa m'fanizo lija, ndipo loyamba ku America linakhazikitsidwa ku California mu 1959, poteteza madokotala amene aima panjira. Lero zigawo zonse 50 zili ndi lamulo lotere. Koma California yomweyo ikutiphunzitsa kuti lamulo lolembedwa mosasamala ndi ukonde wobooka. Mu 2004 mayi wina anakoka mnzake kumutulutsa m'galimoto imene inachita ngozi, ponena kuti ankaopa kuti iphulika. Mnzakeyo anapuwala, ndipo anamusumira. Mu 2008 khoti lalikulu la chigawocho linagamula kuti lamulo limateteza chithandizo chokhudza zachipatala chokha, ndipo kukoka munthu m'galimoto si chithandizo chotero. Tanthauzo lake linali lakuti womanga bala ndi wotetezedwa, koma wovuula munthu m'madzi kapena m'moto ayi. Aphungu anathamanga kukonza lamulolo mu 2009. Munthu ali pangozi alibe nthawi yosiyanitsa mitundu ya chithandizo, ndipo lamulo lisamuyembekezere kutero.

Ndikudziwa chimene wina anene, ndipo si chopanda nzeru: manja osadziwa amapha. Kunyamula munthu wothyoka khosi ngati thumba kutha kumupuwalitsa moyo wake wonse. Kumwetsa madzi munthu wokomoka kutha kumutsamwitsa. Nanga wovulalayo alibe ufulu? Ali nawo. N'chifukwa chake mayiko ambiri amateteza kulakwitsa kwa munthu wa mtima wabwino koma osateteza kusasamala koonekeratu, monga woledzera wodzitcha dokotala kapena wokakamira kuthandiza munthu amene ali bwinobwino m'maganizo ndipo akukana. China inachotsa malire amenewa m'gawo 184, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake poona bala limene anali nalo, koma ine ndingawasunge. Chachikulu n'chakuti wosumirayo ndiye abweretse umboni wa kusasamalako, osati wothandiza avutike kudziyeretsa. Ndipo tisaiwale kuti chithandizo cholondola chomwe chimasiya zipsera. Munthu mtima ukaima, ubongo umayamba kuonongeka pakatha mphindi 4 mpaka 6. Womupulumutsa ayenera kukanikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, maulendo 100 mpaka 120 pamphindi, ndipo nthawi zambiri nthiti zimathyoka. Nthiti imapola. Lamulo limene lingachititse munthu kukanikiza monyengerera poopa nthiti likusankhira wodwalayo manda.

Mankhwala a manja osadziwa ndi kuwaphunzitsa, osati kuwamanga kumbuyo. Ku Germany sulandira laisensi yoyendetsera galimoto usanaphunzire chithandizo choyamba. Zoyambirira zake n'zosavuta: kanikiza pamene pakutuluka magazi ndipo usasiye, usasunthe khosi ndi msana pokhapokha pali moto kapena madzi kapena galimoto zina zikubwera, wokomoka amene akupuma mugoneke chammbali. Dziko lofuna kulamula nzika zake kuthandiza liyambe lawaonetsa kathandizidwe kake, kusukulu ndi kosulira madalaivala.

Tsono chitetezo chikakhazikika, kodi pakhale udindo? Ine ndikuti ukhalepo, koma waung'ono. Lamulo silingalamule ungwazi. Palibe woyenera kulangidwa chifukwa sanadumphire mumtsinje wodzaza, sanalowe m'nyumba yoyaka, kapena sanaime pakati pa anthu okhapana ndi zikwanje, ndipo ngakhale malamulo a France ndi Germany salamula zimenezo. Mayi amene ali yekha usiku pamsewu wopanda anthu ali ndi chifukwa chomveka chosaimitsira galimoto, poti achifwamba amadziwanso kudzigoneka pamsewu. Koma kuimba foni, kukuwa, kuuza wapolisi woyamba kukumana naye, zimenezo sizimuchotsera kanthu munthu. Chigawo cha Vermont ku America chinaika udindo wotere mu 1968, ndipo chindapusa chake sichipitirira madola 100. Ena amachiseka kuti n'chochepa. Ine ndimaona kuti ndi muyeso woyenera, chifukwa ntchito ya lamulo lotere si kudzaza ndende koma kunena poyera kuti moyo wa mlendo ukukukhudza.

Otsutsa amati boma lisalowerere m'chikumbumtima cha munthu, ubwino wokakamiza si ubwino. Ndikuvomera kuti lamulo silingaumbe mtima. Koma womira m'dziwe la ku Cocoa uja sankafuna mitima yabwino ya achinyamata aja, ankafuna mmodzi wa iwo adine manambala atatu pafoni imene inali kale m'manja. Ndipo boma limatikakamiza kale zambiri zolemera kuposa apa: msonkho, kukaonekera kukhoti ukaitanidwa, kuima ukagunda munthu. Panyanja nkhaniyi inatha kalekale. Gawo 98 la pangano la United Nations la malamulo a panyanja la 1982 limalamula kuti woyendetsa sitima athandize aliyense wopezeka ali pangozi m'madzi, bola asaike sitima yake ndi anthu ake pachiswe, ndipo palibe amati ufulu wa oyendetsa sitima waphwanyidwa.

Chitsutso chimene chimandivuta kwambiri ndi china. Pagulu la anthu 30, umugwira ndani? Akatswiri a maganizo John Darley ndi Bibb Latané anaonetsa mu 1968 kuti anthu akachuluka, aliyense amaganiza kuti wina achitapo kanthu, ndipo zimenezi zimagwira ngakhale anthu abwino. Choopsa n'chakuti wapolisi wopatsidwa mphamvu yosankha mmodzi pagulu adzasankha wosauka, wachilendo, wopanda womulankhulira, ndipo lamulo lobadwa kuti lipulumutse lidzasanduka khomo lina la ziphuphu. Ichi ndi chifukwa chinanso chimene ndikukanira ndende. Mlandu ukhalepo pokhapokha pali umboni woti munthu anaona, anazindikira kuti moyo uli pangozi, panalibe wina amene anali ataitana kale chithandizo, ndipo iye anasankha kuchoka. Anthu otere ndi ochepa. Ofufuza ena anaonera makanema 219 a makamera a m'misewu ya Amsterdam, Lancaster ndi Cape Town oonetsa anthu akukangana kapena kumenyana, ndipo anapeza kuti pa mikangano 9 mwa 10 iliyonse panapezeka munthu woleretsa. Ambirife timafuna kuthandiza. Lamulo la udindo ndi la ochepa otsalawo, pamene lamulo la chitetezo ndi la tonse.

Za mafoni okwezedwa m'mwamba aja ndili nazo mawu. Kanema atha kukhala umboni wogwiritsa dalaivala wothawa, choncho sindikuti kujambula konse n'koipa. Koma wojambula sanganene kuti sanaone, sanganenenso kuti analibe choimbira. Germany mu 2017 inaika chilango kwa otsekereza opulumutsa anthu, ndipo kuyambira 2021 kujambula mitembo ya ofera pangozi monyazitsa ndi mlandu. Pali mabanja amene amva za imfa ya mwana wawo poona chithunzi chake pa WhatsApp wina asanabwere kudzawauza mwaulemu. Amene anajambula chithunzicho anali pafupi mokwanira kuti akanatha kumugwira dzanja.

Udindo waukulu koposa uli pa boma lenilenilo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse amafera m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono, kumene ambulansi imachedwa kapena kulibe, ndipo woyamba kufika ndi munthu wamba wodutsa. Boma limene likulamula nzika kuimba foni lionetsetse kuti foniyo ikuyankhidwa. Limene likulamula kunyamula wovulala litsegule khomo la chipatala. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa pagawo 27 ndi a Kenya pagawo 43 amanena mosapsatira kuti munthu asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi. Germany inapita patsogolo: ukavulala pothandiza mnzako pangozi, inshuwalansi ya boma ya ngozi imakusamalira, ndipo katundu wako woonongeka pothandizapo atha kubwezedwa. Limenelo ndi boma lozindikira kuti wodutsa amene wagwada pamsewu akuligwirira ntchito yake, kwaulere, mipando ya galimoto yake ikunyowa ndi magazi a munthu wosamudziwa.

Ndipo lamulo likangokhala m'mabuku a maloya silichotsa mantha a munthu ali pamsewu. Ku India komweko, kafukufuku wa pambuyo pa chigamulo cha 2016 anaonetsa kuti anthu ambiri anali asanamvepo za chitetezo chawocho. N'chifukwa chake ndime imene ndimaikonda kwambiri m'ndondomeko zawo ndi yooneka yaing'ono: chipatala chilichonse chipachike pakhomo chikwangwani cholemba ufulu wa wothandiza, m'Chihindi, m'Chingerezi ndi m'chilankhulo cha anthu a m'deralo. Ndingaonjezere kuti chikwangwani chomwecho chikhale pakhomo la polisi iliyonse ndi m'buku lophunzirira kuyendetsa galimoto, ndipo pansi pake palembedwe kumene munthu angakadandaule, ndi chilango cha wapolisi kapena kalaliki wa pachipatala amene angamusunge munthu wobweretsa wovulala ngakhale kwa ola limodzi.